Za nkhokwe yakale ya pa Waterfront ndi mashopu adzadza padoko paja

Yamikani Bilida: Abale mwaswera bwanji pagulu pano. Pali nkhani yomwe tikukanganirana ku sayiti sabata ino nde ndati ndiibweretse kuno poti ena mwa inu mumagwira ntchito konko. Kwamveka kuti eni ake a V&A Waterfront, malo a mashopu padoko la Cape Town, akufuna kukulitsa malowo cha ku Granger Bay, ndalama yake akuti R20 biliyoni, mpaka kukwirira mbali ina ya nyanja kuti apeze pomanga. Ife abilidala tasangalala poti imeneyo ndi ntchito ya zaka. Koma mnzathu wina wa konkuno wobadwira ku komboni ya Langa akuti ayi, doko lija analiononga kalekale polisandutsa msika wa alendo, akuti agogo ake ankasenza matumba pamenepaja koma iye lero akapitapo olo mbale ya chakudya sangaikwanitse. Ine ndamufunsa kuti ndiye ukanakonda nkhokwe ija akanaigwetsa? sitinamvane mpaka kuweruka. Inu mukuti bwanji

Asisi Memory: Mnzanuyo sakunamatu achimwene

Yamikani Bilida: Koma asisi inuyo simukudyera pompo?

Asisi Memory: Ndikudyera pompo inde, ana anga ku Ntcheu akuphunzira ndi ma tip a pamenepo, sindingakane. Koma kudyera pamalo sikutanthauza kuti malowo ndi ako. Mbale imodzi ya nsomba yomwe ndimaperekera pa tebulo imaposa ndalama yomwe ndimalembedwa tsiku lonse, boma linaika malipiro otsikitsitsa pa R28.79 pa ola mu Malichi 2025 werengani nokha. Tikatseka usiku, kukolopa, kuwerengetsa ndalama, kudikira thiransipoti ya staff yomwe imazungulira kutula anthu mmodzimmodzi, kufika kunyumba ku Dunoon anthu atagona kale, mawa lake kudzukanso. Nde munthu akamati malo aja anapangira ena ine ndimamumvetsa

Alinafe LL: Pepani ife tili kumudzi kuno tithandizeni, nkhokwe yake iti? mukutanthauza ngati za ku Kanengo zija?

Chifuniro UCT: @Alinafe eya za mtundu womwewo. Inamangidwa kuyambira 1921 ndikutsegulidwa 1924, mphepete mwenimweni mwa doko. Chimanga, tirigu, mapira zimabwera pa njanji kuchokera kuminda ya kumtunda, amazikweza pamwamba, kuyeza, kupeta, kusankha magiredi, kenako kuthira m'mapaipi akuluakulu a konkire okwana 42 podikira sitima zopita kunja. Kutalika kwake 57 mita ndipo kwa zaka zambiri inali nyumba yayitali kuposa zonse kumwera kwa Sahara. Inasiya ntchito 2001 nkukhala choncho yopanda kanthu, nkhunda zokhazokha. Mu Seputembala 2017 ndi pomwe anaitsegulanso, pansi ndi myuziyamu ya zaluso za ojambula ndi osema a mu Africa a masiku ano, Zeitz MOCAA, pamwamba pa nsanja paja ndi hotela, The Silo. Kukonza myuziyamuyo kunadya R500 miliyoni

Alinafe LL: Iii R500 miliyoni kukonza nkhokwe yoti mulibe olo thumba limodzi la chimanga

Yamikani Bilida: Achemwali mukanaona mkati mwake simukanatero. Ine ndimagwira za konkire tsiku ndi tsiku ndikudziwa kuvuta kwake. Tangoganizani, mapaipi 42 oimirira othithikana, mulibe chipinda olo chimodzi, mulibe poti munthu nkuimapo. Munthu wamba akanati tigwetse timange china. Koma iwo anatenga njere imodzi ya chimanga nkuikulitsa pa kompyuta mpaka kutalika 27 mita, kenako nkusema mphako ya maonekedwe a njere imeneyo pakati pa mapaipiwo. Makoma akalewo ndi opyapyala komanso anauma kwambiri, ukangodula amatha kugumuka, nde anayamba athira konkire yatsopano mkati mwa mapaipi kuti igwirizize kenako nkudula zonse ziwiri pamodzi. Mukaima pansi nkuyang'ana mmwamba mumaona ngati chisa cha njuchi chodulidwa ndi mpeni, ndipo mmphepete modulidwamo anakwecha mpaka kusalala, timiyala ta mu konkire ya mma 1920 tikuoneka bwinobwino pambali pa yatsopano, mitundu iwiri yosiyana. Ine ndinagwira ndi dzanja langa pamenepo thupi linachita tsemwe. M'mapaipi ena anaikamo chikepe chagalasi, mwina masitepe ozungulira. Ukatsikira kunsi kuli tinjira tamdima momwe chimanga chimadutsira, zitsulo zakale zotsegulira zija anazisiya momwemo. Anthu amene anathira konkire ija zaka 100 zapitazo opanda makina athu ano ntchito yawo ikuonekabe, ineyo ndi chimenecho chimandikhudza. Akanaigwetsa bwenzi pali nyumba yagalasi ngati zina zonsezi

Chifuniro UCT: Amene anajambula pulani yake ndi Thomas Heatherwick wa ku London, ndipo dzina loti Zeitz ndi la Jochen Zeitz, Mjeremani amene anali bwana wamkulu wa Puma, ndiye anabwereketsa zaluso zake zoyambira

Mai ake Tadala: Zokongola ndi zokongola bambo Yamikani palibe akutsutsa. Funso la mnzanu wa ku Langa silinali la kukongola. Ine ndimayala mabedi mu hotela ina pamenepo, ndimaona mitengo ya zipinda. Chipinda cha pamwamba pa nkhokwe paja usiku umodzi ndi malipiro anga a miyezi. Kale pamenepaja pankadya anthu osauka mwa thukuta lawo, lero tikudyabe osauka mwa thukuta lathu, kungoti kale amasenza matumba ife tikusenza mashiti ndi matawulo

Nkhoma wa Uber: Mayi ndikumva koma tiyeni tinene chilungamo mbali zonse. Mu Cape Town muno ndi malo angati omwe munthu wakuda wopanda ndalama ungapite ndi ana Lamlungu, osalipira pageti, kuyenda mpaka mdima uli ndi foni mmanja osaopa? Ine ndimatulako anthu tsiku lililonse, si azungu okha ayi. Disembala bwerani muone, mabanja a ku Khayelitsha, Mitchells Plain, Gugulethu, ma Zimbabwe, ma Congo, ife, kudzadza. Ena amabwera ndi chakudya chawo mchikwama, kukhala pa benchi, ana kuonerera ma seal akugona pamatayala paja, oimba akuimba ulere. Akuti pachaka pamafika anthu pafupifupi 24 miliyoni, onsewo angakhale olemera? Chomwe chimanditopetsa ine ndi jamu polowa ndi potuluka basi, makamaka kukabwera sitima ya alendo ija

Asisi Memory: Kuyenda ndi ulere inde koma mwana akaona ice cream sumuuza kuti tabwera kudzaona ma seal

Nkhoma wa Uber: Nde mumapita ku supamaketi ya mkati muja asisi, mtengo ndi womwewo wa kwina kulikonse. Ine ndimatero

Madala a ku Chintheche: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndiikepo mawu. Ine ndinafika kuno mashopu aja atangoyamba kumene, mbali yaikulu inali mashedi a malata, njanji zadzimbiri, fungo la nsomba ndi dizilo. Anthu a mtauni samapitako, kunali mpanda ndi geti, tauni inali itafulatira nyanja. Chifukwa chake nchakuti sitima zinakula, ntchito yeniyeni inasamukira ku Duncan Dock ndi kumalo a makontena, madoko akale awiri aja Alfred ndi Victoria nkutsala ang'ono kwambiri. Ndiye mnyamata wa ku Langayo akamati mashopu anachotsa agogo ake ntchito, pamenepo ndikutsutsa, ntchito ya matumba inaphedwa ndi makontena ndi makireni mashopu asanabwere. Koma pali pena pomwe akulondola ndipo nkhani yake imatikhudza ife a Malawi kuposa mmene mukuganizira. Ndani pano amamudziwa Clements Kadalie?

Alinafe LL: Dzinalo ndinalimvapo ku history fomu 3

Yamikani Bilida: Ine ayi madala, tiuzeni

Madala a ku Chintheche: Mwana wa kwathu ameneyo, Mtonga wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anabadwa 1896 nkuphunzira ku Livingstonia. Anayenda ulendo womwewu tinayenda tonsefe, kudzera ku Rhodesia, kufika ku Cape Town 1918. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU, ndipo mamembala oyamba anali anthu a padoko pomwepa, osenza katundu, akuda ndi makaladi pamodzi. Disembala chaka chomwecho anachita sitalaka, anthu pafupifupi 2,000 kwa masabata awiri, doko linaima, boma mpaka kutumiza asilikali. Ankafuna ziwiri, malipiro akwere, komanso chakudya chisiye kutumizidwa kunja pomwe anthu mmakomboni akulephera kugula chifukwa mitengo inali itakwera nkhondo itatha. Mvetsani bwino pamenepo. 1919 anthu akukana kukweza chakudya mu sitima ana awo ali ndi njala, 1921 boma likuyamba kumanga nkhokwe yoti chimanga chizituluka mwachangu kwambiri, chosadutsanso pamsana pa munthu. Nkhokwe yomwe mukuiyamikirayo ndi imeneyo. Mu 1920 anafuna kumupitikitsa mdziko muno Kadalieyo koma chikalata chake chinafafanizidwa, anakhala, bungwe lake linakula mpaka mamembala pafupifupi 100,000 cha mma 1927, dziko lonse la Joni linamudziwa. Anamwalira ku East London 1951. Nde ine ndikamadutsa pa Nobel Square paja nkuona ziboliboli zinayi za Luthuli, Tutu, De Klerk ndi Mandela ndimavula chipewa, ndi akuluakulu amenewo, koma mtima wanga umafuna pakanaimanso munthu wosenza thumba pambali pawo, ndi dzina la mwana wa ku Nkhata Bay uja litalembedwa poti aliyense awerenge

Mai ake Tadala: Zikomo madala. Ine ndimadutsa pamenepo mmawa uliwonse osadziwa kuti munthu wa kwathu anaimitsapo doko limeneli

Asisi Memory: Thupi langa lazizira. Ife timayenda chozyolika ngati tinabwera dzulo chonsecho

Yamikani Bilida: Madala izi ndikamuuza mnzanga uja mawa, kuti agogo ake mwina anali mu sitalaka imodzi ndi munthu wa kwathu

Chifuniro UCT: Kuonjezera pa zomwe anena madala, mbiri ya thukuta padoko paja inayamba kale Kadalie asanabadwe. Mu 1858 mphepo ya mkuntho inaphwanya sitima zoposa 30 mu Table Bay mpaka a inshuwalansi a Lloyd's ku London anakana kuteteza sitima zokhala kuno nyengo yozizira. Ndi chifukwa chake anaganiza zomanga khoma lotchinga mafunde. Mu 1860 Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, ali ndi zaka 16 anakhuthula ngolo yoyamba ya miyala, dzina lake nkukhala pa doko mpaka lero, V&A ndi Victoria ndi Alfred. Koma ngolo zina zonse zotsatira anakankha ndi akaidi. Anamanga ndende pompo, Breakwater Prison, kuti akaidi azigona pafupi ndi ntchito, ena mwa iwo anali a mtundu wa San ogwidwa kumpoto kwa Cape pa milandu ya ziweto. Dzenje lomwe anakumbamo miyala ndi lomwe linasanduka Alfred Basin, linatha 1870. Nyumba ya ndende yomwe ilipo pano muli sukulu ya bizinesi ya yunivesite ya Cape Town (UCT) ndi hotela, ndipo chigudumu chomwe ankalangira akaidi powapondetsa osapuma chikadalipo panja, mutha kukachiona. China, mu 1901 mliri wobwera ndi makoswe a mu sitima utalowa, boma linanamizira anthu akuda nkuwasamutsa mtauni kuwapititsa ku Ndabeni, kenako Langa inatsegulidwa 1927. Nde mnzawo wa a Yamikani kubadwira ku Langa osati pafupi ndi doko si ngozi. Ulendo wautali womwe asisi Memory akudandaula usiku uja unayambira kumeneko

Nkhoma wa Uber: Mbiri ndaimva ndipo ndi yowawa. Koma funso langa ndi lakuti ndiye akanatani? kusiya mashedi aja aziwola kuti tizikumbukira? Ku District Six, dera la mtauni muno, boma la tsankho linagwetsa nyumba pafupifupi zonse anthu 60,000 kuwataya ku Cape Flats kutali ndi tauni, malowo mbali yaikulu mpaka lero ndi udzu, ndani wapindula? Bola pano nyumba zilipo, ndende ilipo, Clock Tower yofiira ija ya 1882 ilipo, mwana atha kufunsa kuti ichi nchiyani

Madala a ku Chintheche: Pamenepo tikugwirizana mwana wanga. Ine sindikuti akanasiya. Ndikuti nyumba anazisunga bwino, koma nkhani za anthu amene anavutikira mnyumbazo zimamveka motsitsa kwambiri kuyerekeza ndi nyimbo za mmashopu

Rasta wa Mawaya: Ndalowa mochedwa ndinali ku geni. Ine mbali yanga ndi iyi. Ndimapanga zinyama za waya ndi mikanda, anzanga ena amasema, tonse katundu wathu amathera pamenepo. Shedi yaikulu ija ya Watershed muli matebulo oposa 150 a zopangapanga, malo abwino, denga lalitali, kuwala, alendo amagula osanenerera. Koma kuti upeze tebulo mkati muja pafunika kampani yolembetsa, akaunti, mapepala ako akhale bho, lendi. Ambirife tilibe zonsezo nde timagulitsa kwa amene ali ndi shopu. Tsiku lina ndinaona nyamalikiti wanga yemwe ndinamupanga ndi manja angawa ali pa shelefu ya shopu ina, mtengo kuchulukitsa kangapo pa yomwe anandipatsa, kapepala kolendewera pakhosi sikakutchula olo dziko lomwe ndimachokera. Ndinaima panja pa galasi kumuyang'ana. Sindikuti washopuyo ndi wakuba, lendi yake ndi yoopsa nayenso, koma zimawawa

Mai ake Tadala: Pepani achimwene, izi nde zomwe ndimanena

Asisi Memory: Ndipo ma Rasta bwanji osagwirizana anthu angapo, mmodzi amene ali ndi mapepala alembetse, mutenge tebulo limodzi?

Rasta wa Mawaya: Tinayesapo kukambirana asisi, vuto ndi kukhulupirirana pa ndalama komanso miyezi yozizira Juni Julayi alendo amachepa lendi osachepa. Koma sindinataye mtima

Alinafe LL: Funso, eni ake enieni ndani? ndi aboma kapena azungu akunja

Chifuniro UCT: Zinasinthasintha. Anayambitsa ndi a boma kudzera ku kampani ya madoko ndi njanji yomwe pano ndi Transnet, 1988, mashopu ndi malo odyera oyamba kutsegula cha mma 1990. Mu 2006 anagulitsa kwa gulu lomwe munali a Dubai World ndi kampani ya ku Britain ya London & Regional pa R7 biliyoni. Mu 2011 malowo anabwerera mmanja mwa a konkuno pa R9.7 biliyoni, theka kampani ya nyumba ya Growthpoint theka bungwe la boma la PIC, ndipo PIC imasunga ndalama za penshoni za ogwira ntchito mboma. Kutanthauza kuti theka la lendi yomwe a Rasta akuiopa ija limakathera ku penshoni ya aphunzitsi, manesi ndi apolisi a dziko lino

Nkhoma wa Uber: Mwamva? nde si za azungu okha

Mai ake Tadala: Nesi wa ku Joni apindule ndi bwino ndithu. Koma woyala bedi wa ku Mulanje penshoni imeneyo saiona bambo Nkhoma

Nkhoma wa Uber: Zoona mayi pamenepo ndilibe mawu

Yamikani Bilida: Chinanso chomwe ine ndimaona kuti anachita mwanzeru nchakuti doko sanaliphe. Anthu ambiri amaona mashopu okha koma tayendani cha kuseri. Robinson Dry Dock ya 1882 ikugwirabe ntchito, amalowetsa sitima, kutseka chitseko, kupopa madzi onse, sitima nkukhala pa mitengo anyamata akupala dzimbiri ndi kuwotcherera pansi pake, iwe uli pamwamba ukuonerera ndi kapu ya khofi mmanja. Mabwato a nsomba amakocheza pompo, sitima yofiira yopita ku Antarctica ija SA Agulhas II imakhala pompo, ya ku Robben Island imanyamukira pompo. Kamlatho kaja ka pa Clock Tower kamatseguka kuti bwato lidutse, anthu mazana kudikira bwato limodzi la asodzi. Ine ndikaona zimenezo ndimati awa sanapange chidole, malowa akupumabe. Mantha anga pa za Granger Bay ndi amenewo, kuti mafulati a anthu olemera akachuluka ayamba kudandaula phokoso la ma grinder ndi fungo la nsomba, kenako owotchererawo nkuuzidwa kuti samukani

Madala a ku Chintheche: Mantha amenewo ndi oona mwana wanga. Wogula fulati ya mamiliyoni amamvedwa msanga kuposa wopala dzimbiri. Tsiku lomwe mudzaone dry dock ija yauma osalowanso sitima mudzadziwe kuti mnzanu wa ku Langa wapambana mkangano

Asisi Memory: Ndipo pa mafulatipo ine ndi pomwe ndikufuna kumva. Akamanga zonsezo aikamo nyumba zoti ife ogwira ntchito pompo tingakwanitse lendi? chifukwa anthu masauzande amalowa mmawa kutuluka usiku, onse kuchokera kutali. Ndikanakhala ndi kachipinda olo kamodzi koyenda wapansi kupita kuntchito, ndalama ya thiransipoti ikanapita kwa ana, tulo ndikanagona. Mzinda ukamapereka chilolezo uzifunsa zimenezo osangoti ntchito zingati

Yamikani Bilida: Apa nde ndikugwirizana nanu asisi. Ife tidzamanga nkubwerera ku Dunoon, inu mudzakolopa nkubwerera ku Dunoon

Alinafe LL: Koma ine ndikuganiza za kuno. Tili ndi Chipoka, Monkey Bay, Nkhata Bay, mashedi akale mphepete mwa nyanja yokongola kuposa yanuyo, madzi ake osazizira ngati amenewo. Sitingapange zoterezi?

Nkhoma wa Uber: Achemwali mashopu amafuna ogula. Waterfront ili mkati mwa mzinda wa anthu mamiliyoni, munthu amachoka mu ofesi kuyenda wapansi kukadya lunch, ndege zochokera ku Ulaya zikutera tsiku lililonse. Ku Chipoka adzagule ndani Lachiwiri masana?

Madala a ku Chintheche: Ndipo ku Monkey Bay musakukhudze, kumeneko ndi komwe analumikiza Ilala nkuiika pamadzi 1951, zidutswa zake zitachokera ku Scotland, ndipo anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya akudalirabe sitima. Kumeneko kukufunika ma injiniya ndi zipangizo, mashopu adikire. Awa anasandutsa madoko awo akale chifukwa anali atamanga kale ena aakulu pambali. Ife tisayambe ndi kumapeto

Chifuniro UCT: Koma zazing'ono tingathe ndipo tinachitapo. Mandala House ku Blantyre, ya African Lakes ya 1882, muli malo omwera khofi, ogulitsa zojambula, pamwamba laibulale ya Society of Malawi. Nyumba ikusamalika chifukwa anthu akulowamo. Ku Nkhata Bay pa jeti paja tsiku lofika Ilala pamadzadza kale anthu, kungokonza shedi yabwino ya amayi a usipa ndi batala, osema, zimbudzi zaukhondo, magetsi usiku, sizifuna mabiliyoni

Alinafe LL: Nde za ku Kanengo tisaikemo zithunzi eti

Mai ake Tadala: Ayi mwanawe, zimene zija zidzadze chimanga kaye, ife timatumiza ndalama ya ufa mwezi ndi mwezi kuno

Rasta wa Mawaya: Funso kwa a Chifuniro, mu myuziyamu muja munthu ngati ine angalowe? ndimangodutsa panja, tikiti ndinamva kuti ndi yoposa R200

Chifuniro UCT: Mungalowe achimwene. Lachitatu lililonse kuyambira 10 koloko mpaka 1 koloko masana nzika za maiko a mu Africa zimalowa ulere, mungoonetsa pasipoti kapena ID, ya Malawi imagwira. Ana osakwana zaka 18 salipira. Anthu ambiri a kwathu sadziwa

Asisi Memory: Lachitatu mmawa munthu wa ntchito ali kuntchito. Bwanji osaika Lamlungu?

Nkhoma wa Uber: Inuyo a ma restaurant si mumapuma mkati mwa sabata?

Asisi Memory: Ife inde nthawi zina, koma ama garden, ama kitchen, abilidala? a Yamikani anapita bwanji

Yamikani Bilida: Kunagwa mvula sayiti inatsekedwa nde ndinathawira komweko. Koma asisi akunena zoona, maola atatu pa sabata pakati pa ntchito ndi ochepa kwa anthu amene nyumbayo ikuti ndi yawo

Mai ake Tadala: Ine chomwe chimandiletsa si tikiti yokha. Ukafika pakhomo paja magalasi, alonda ovala masuti, aliyense akulankhula motsitsa, umangomva kuti pano si panga. Palibe amakuthamangitsa ayi koma miyendo imakana yokha

Madala a ku Chintheche: Mayi ake Tadala miyendo imeneyo muikakamize. Chimanga chinkadutsa mmenemo chinalimidwa ndi anthu akuda mmafamu, miyala ya doko anaswa akaidi, matumba anasenza anzake a Kadalie, mabedi mukuyala ndinu. Mukaopa kulowa ndiye alowe ndani? Lowani ndi chitenje chanu, kwerani chikepe chija mpaka pamwamba mukaone phiri ndi doko lonse, mwana mumuonetse pomwe panali sitalaka ya 1919

Yamikani Bilida: Madala nanga bwanji tipite pagulu inu mukatilondolere? mnzanga wa ku Langa uja ndimutenga, akanene yekha maganizo ake ali mkati

Admin Gulu: Ganizo labwino. Amene mukufuna lembani maina pansipa tione ngati tikwana, Lachitatu loyamba la mwezi wa mawa kuti anthu apemphe off nthawi ilipo. Tikumane pa Clock Tower 9:30, osaiwala pasipoti. Amene mapepala anu ali ku Home Affairs ndifunseni ku inbox tione chomwe munganyamule

Nkhoma wa Uber: Ine nditenga anayi kuchokera ku Dunoon ulere, otsala basi ya MyCiTi

Rasta wa Mawaya: Ndilembeni

Asisi Memory: Ndiona rosita ikatuluka Lamlungu. Koma nkhani ya nyumba za ogwira ntchito ija sinathe a Yamikani, mukamva tsiku lomwe a khonsolo akumva maganizo a anthu pa za Granger Bay muponye pano, ine ndikalankhula

Madala a ku Chintheche: Ndibwera, koma tikatuluka mu nkhokwemo tidutsenso ku ndende kuja mukaone chigudumu chija, ndi mtunda wa mphindi zochepa wapansi. Valani nsapato zoyendera ndipo tengani majuzi, mphepo ya padoko paja simasewera